Ulendo wa Bambo ku Dziko la Chipale

Kumudzi kwathu munthu akakwera ndege kupita ku Ulaya, otsala amangoti wapita kukadya bwino. Palibe amene amafunsa kuti kodi watumidwa chiyani, nanga akagona kuti. Akabwerako, anthu amayang'ana chikwama chake ndi masaya ake basi. Inenso ndidakulira m'maganizo omwewo kufikira m'chaka cha 2018 pamene bambo anga adatumidwa ku Scotland pa ulendo wa malonda a tiyi. Nthawi imeneyo ndidali mu Sitandade 3. Zina mwa zimene ndalemba pano ndidaziona ndi maso anga, zina adatisimbira bambo atabwerako, ndipo zina ndazimvetsa tsopano lino chifukwa cha phunziro la Jogalafe.

Kwathu ndi ku Mulanje, m'munsi mwa phiri, ndipo makolo anga ndi alimi ang'onoang'ono a tiyi. Amene sadathyoleko tiyi ayenera kudziwa kuti mbewu imeneyi siyembekeza munthu. Timathyola masamba awiri ndi kansonga kake, kuponya m'dengu la kumsana, n'kupita nawo ku shedi kukakweza pa sikelo. Kuchokera pamenepo masambawo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Akagona ali ounjikana amatentha okha, n'kufiira, ndipo ku fakitale amawakana. Pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Choncho mlimi wa tiyi amadalira mvula, koma amadaliranso msewu. Galimoto ikapanda kufika, thukuta la tsiku lonse lapita pachabe.

Gulu la alimi a kwathu, limene bambo adali mlembi wake, limagulitsa gawo lina la tiyi wawo kudzera m'malonda a Fairtrade. M'malonda amenewa ogula amalipira mtengo wa tiyi, n'kuonjezapo ndalama ina yapadera imene alimi amaitcha pulimiyamu. Nthawi imeneyo idali masenti 50 a ku America pa kilogalamu iliyonse ya tiyi wouma. Ndalamayi silowa m'thumba la munthu mmodzi. Alimi amakhala pansi n'kugwirizana chochita nayo, kaya ndi mjigo, kaya chipinda chophunziriramo, kaya mlatho. Vuto lidali lakuti tiyi amene ankagulidwa mwa njira imeneyi adali wochepa kwambiri. Wambiri ankangopita pa mtengo wamba. Ndiye pamene bungwe lina la ku Britain lidaitana mlimi mmodzi kuti akalankhule ndi ogula komanso anthu akumwa tiyi pa masabata awiri a Fairtrade, kuyambira pa 26 Febuluwale mpaka pa 11 Malichi, alimi adasankha bambo. Mawu amene adawatuma adali achidule: akapemphe ogula kuti achulukitse tiyi wa pulimiyamu, chifukwa anthu ankafuna mlatho pa kamtsinje kamene kamatsekereza lole mvula ikagwa.

Usiku wina asadanyamuke, bambo adatiuza kuti tiyi wathuyu si mlendo ku Scotland. Mbewu zake zoyamba zidachokera m'munda wa zomera wa ku Edinburgh n'kubzalidwa pa mishoni ya Blantyre, ndipo m'chaka cha 1891 mzungu wina dzina lake Henry Brown adayamba kulima tiyi ku Mulanje. Ngakhale dzina loti Blantyre ndi la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone adabadwira mu 1813. "Ndikukapereka mwana kwa agogo ake kuti akamuone mmene wakulira," adatero bambo akuseka. Mayi sadaseke nawo. Febuluwale ndi mwezi wa njala, komanso ndi nthawi imene tiyi amaphukira kwambiri. Kuchoka kwa bambo kudatanthauza kuti dengu limodzi lichepa m'munda kwa masabata awiri.

Oitanawo adalemba kuti abwere ndi zovala zotentha. Mayi adapita ku msika wa Limbuli n'kukasankha pa kaunjika chijasi chachikulu chakuda chofika m'mawondo. Bambo atachiyesa masana, thukuta lili kamukamu, tonse tidagwa ndi phwete. Agogo adati, "Mwana wanga, kodi ukupita kukagwira ntchito ya ulonda?" Ife kuzizira kumene tinkakudziwa ndi kwa chiperoni, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mtambo umaphimba phiri masiku atatu ndipo munthu amaothera moto masana. Tinkaganiza kuti chijasi chimenecho chapyola muyeso.

Bambo adanyamukira pa bwalo la ndege la Chileka, nadzera ku Johannesburg ndi ku London, n'kukafika ku Glasgow. Kumeneko adalandiridwa ndi banja lina la aphunzitsi opuma pa ntchito, lokhala m'mudzi wa alimi kumwera kwa mzindawo. Ndondomeko idali ndi misonkhano 9: m'masukulu, m'maholo, ndipo waukulu kwambiri udali wa Lachinayi ku Edinburgh, kumene adayenera kukakumana ndi akuluakulu a kampani yogula tiyi. Lolemba ndi Lachiwiri zonse zidayenda bwino. Adalankhula pa masukulu awiri, ndipo ana adawafunsa ngati kwathu kuli njovu pakhomo. Chimene chidawavuta ndi Chingerezi cha ku Scotland. Amati m'masiku oyamba ankangogwedeza mutu, chifukwa mawu ankatuluka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga.

Chipale chofewa chidayamba kugwa mwamphamvu usiku wa Lachiwiri. Ife tidawafunsa kambirimbiri kuti chimaoneka bwanji, ndipo iwo amati tisachiyerekeze ndi matalala. Matalala amagwa ndi phokoso, kuboola masamba a nthochi, n'kusungunuka posachedwa. Chipale chimatsika mwakachetechete ngati thonje louluka, ndipo chikafika pansi chimangounjikana. Atadzuka Lachitatu m'mawa adapeza dziko lonse lili mbee, ngati wina wakhuthula ufa woyera pa madenga, pa mitengo ndi pa magalimoto. Kunja kudali zii, wopanda mbalame kapena injini. Adatuluka kuti akachigwire. Akuti m'manja chidali chopepuka ndi chouma, koma patangopita mphindi zochepa zala zidayamba kupweteka ngati zapsa ndi moto.

Tsiku limenelo, pa 28 Febuluwale, a zanyengo a Met Office adalengeza chenjezo lofiira m'chigawo chapakati cha Scotland, kuyambira 3 koloko masana mpaka 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Kumeneko machenjezo alipo atatu: lachikasu, lamtundu wa lalanje ndi lofiira. Lofiira limatanthauza kuti moyo wa munthu uli pa chiswe, aliyense akhale m'nyumba. Kadali koyamba kuti chenjezo lotere liperekedwe ku Scotland chifukwa cha chipale. Masukulu adatsekedwa, sitima zapamtunda ndi mabasi zidaima, ndipo bwalo la ndege la Glasgow lidatsekedwa kotero kuti apaulendo adagona momwemo, a Red Cross n'kuwabweretsera zofunda. Pa msewu waukulu wa M80, pakati pa Glasgow ndi Stirling, magalimoto pafupifupi 1,000 adatitimira, ndipo anthu adachezera m'magalimoto usiku wonse. Anthu okhala m'mbali mwa msewuwo ndi amene adawatengera chakudya ndi zakumwa zotentha. Ku Edinburgh asilikali adathandiza kunyamula anamwino ndi madokotala kupita nawo ku zipatala. M'malo ena ozungulira Glasgow chipale chidakwera kupitirira masentimita 40, ndipo kumene mphepo idachikankhira chidafika m'chiuno mwa munthu.

Anthu a kumeneko adatcha nyengo imeneyi Beast from the East, ndiye kuti chilombo chochokera kum'mawa. Chaka chatha, titaphunzira za mphepo m'kalasi, ndidamvetsa chimene chidachitika. Kawirikawiri mphepo ya ku Britain imachokera kumadzulo, ku nyanja ya Atlantic, ndipo imakhala yofundirako. Koma pakati pa mwezi wa Febuluwale 2018 mpweya wa m'mwamba kwenikweni, pamwamba pa North Pole, udatentha mwadzidzidzi. Izi zidafooketsa mphepo imene imazungulira kumeneko ngati mpanda wotsekera chisanu. Patapita masabata awiri, mpweya wolemera udakhazikika pamwamba pa Scandinavia n'kutembenuza mphepo kuti izichokera kum'mawa, ku Siberia. Mphepo yozizirayo podutsa pa nyanja ya North Sea idatola chinyontho, ndipo itafika pa mtunda idachikhuthula ngati chipale. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya chiperoni chathu, chimene chimatola chinyontho ku nyanja ya Indian, kudzera ku Mozambique, n'kudzachitula pa phiri la Mulanje. Kusiyana kwake n'kwakuti yathu imafika ili madzi.

Kunyumba ife sitinkadziwa zonsezi. Bambo ankatumiza uthenga pa WhatsApp madzulo aliwonse kudzera pa foni ya aphunzitsi oyandikana nafe. Lachitatu uthenga sudabwere. Lachinayi m'mawa aphunzitsiwo adamva pa wailesi kuti ku Britain anthu ena amwalira ndi nyengo yoipa, ndipo nkhani idafika kwa mayi itakula kale. Mayi sadalire. Adamanga nsalu m'chiuno, natipatsa madengu, ine ndi achemwali anga, ndipo titaweruka ku sukulu tidakathyola tiyi mpaka dzuwa kulowa. Koma usiku ndidawamva akutembenuka pa mphasa, ndipo nyali siidazime. Ine ndinkaganizira chijasi chija chimene tidachiseka. Ndidayamba kuopa kuti mwina chidali chopyapyala. Uthenga udafika Lachisanu, pamodzi ndi chithunzi. Bambo adaima pakhomo atanyamula fosholo, chipale chili m'mawondo, kumutu atavala chipewa chaubweya chobwereka, maso okha akuoneka. Agogo adachiyang'anitsitsa nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Nanga anthu amenewa amalima pati?"

Bambo adali otetezeka. Nyumba idali yofunda chifukwa cha mapaipi a madzi otentha, ndipo chakudya chidalipo. Chimene chinkawadya mumtima ndi ntchito imene adatumidwa. Lamya idayamba kulira, msonkhano uwu walephereka, uwonso walephereka. Wa ku Edinburgh udalepherekanso, ndipo akuluakulu aja adati sabata yotsatira adali ndi zochita zina. Bambo akuti adakhala pa zenera akuwerenga pepala la mawu amene adakonzekera kwa mwezi wathunthu, akudzifunsa kuti akawauza chiyani anthu ku shedi. Munthu wotumidwa ndi anzake osauka sabwerera ndi nkhani ya nyengo.

Popeza bambo sadazolowere kukhala manja lende, adapempha fosholo. Adakumba njira ya pakhomo pa eni nyumba, kenako ya gogo wina wokhala yekha, ndipo Lachinayi masana adatsagana ndi mwini nyumba kupita ku famu ya ng'ombe zamkaka imene idali chapafupi, kukathandiza kutsegula njira ya ku khola. Adayenda wapansi, mwendo uliwonse ukulowa mpaka m'bondo. Kumeneko ndi kumene adaona chinthu chimene sadachiiwale mpaka lero.

Ng'ombe yamkaka imakamidwa kawiri pa tsiku, kaya kunja kuli bwanji. Mkakawo umasungidwa m'thanki yozizira kudikira galimoto ya ku fakitale. Galimotoyo idali isadafike kwa masiku awiri, ndipo thanki idali itadzaza. Mlimiyo, bambo wachikulire wa manja okhakhala, adatsegula mpopi, mkaka n'kuyamba kuyenderera kulowa m'dzenje la ndowe. Adaima pomwepo osalankhula kanthu. Masiku omwewo m'masitolo a m'mizinda mashelefu a mkaka ndi buledi adali mbee, anthu akuusowa. Alimi ambiri a mkaka ku Britain adataya mkaka wawo sabata imeneyo pa chifukwa chomwechi.

Bambo akuti adamva ngati ali ku shedi ya kwathu. Adayandikira mlimiyo n'kumuuza m'Chingerezi chawo chosweka kuti, "Bambo, zimenezi ndimazidziwa. Kwathu mtsinje ukadzaza lole siwoloka, ndipo ife timataya masamba m'tchire ngati mmene mukutayira mkakawu." Mlimiyo adawayang'ana nafunsa kuti zimachitika kangati. Bambo adayankha kuti chaka chilichonse, kangapo, nthawi ya dzinja. Adafunsanso ngati pali wina amene amawabwezera ndalama za masamba otayikawo. Bambo adati palibe. Munthu uja adavula golovesi, nawagwira chanza, n'kuwaitanira m'khitchini kuti akamwe tiyi.

Lachisanu madzulo mayi wa pa nyumba imene bambo ankagona adaitana anansi onse amene akadatha kufika wapansi. Adabwera anthu 11, mlimi uja ndi mkazi wake ali pomwepo, nsapato zawo zachipale zitandandalikidwa pakhomo. Bambo adatulutsa paketi ya tiyi wa ku Mulanje imene adasungira akuluakulu a ku Edinburgh, ndipo adauphika ndi mkaka wa pa famu ija, womwe udali wochuluka kuposa ouufuna. Pepala lawo sadaliwerenge. Mlimi uja ndi amene adayamba kufotokozera anzake za kamtsinje ka kwathu ngati kuti adakafikako. Anthuwo adafunsa mafunso amene ana a sukulu sadafunse: kilogalamu ya masamba mumagulitsa ndalama zingati, mtengo amaukonza ndani, mlatho ungadye ndalama zingati, nanga ukamangidwa adzausamala ndani. Awa adali mafunso a anthu odziwa ntchito. Bambo amati pa ulendo wonsewo, usiku umenewo wokha ndi pamene sadadzimve ngati mlendo woonetsedwa kwa anthu.

Kumapeto kwa sabatayo mathalakitala ndi magalimoto omwaza mchere adatsegula misewu. Mchere umachititsa kuti madzi asaundane msanga, ndipo kumeneko amauthira pa msewu ndi matani. Sabata yachiwiri bambo adakwanitsa misonkhano ina iwiri, kotero kuti mwa misonkhano 9 idachitika 4 yokha. Ndi akuluakulu a kampani adangolankhulana pa lamya kwa mphindi zowerengeka. Adalonjeza kuti apitiriza kugula tiyi wochuluka monga kale, koma za kuonjezera adati adzaziona mtsogolo. Anthu a m'mudzi uja adagwirizana ndi mwini sitolo yawo yaing'ono kuti aziikamo tiyi wa Fairtrade. Zimene adabwera nazo bambo ndi zimenezo basi, kuphatikizapo chipewa chaubweya chija, chimene eni ake adakana kuchilandira.

Pa msonkhano wa ku shedi ine ndidalipo, nditakhala pa muzu wa mtengo kumbuyo kwa amayi. Bambo adaima n'kunena zonse mmene zidayendera, osaonjeza kapena kuchotsera. Ena adang'ung'udza. Mkulu wina adati, "Ife tidakutumani ku malonda, inu mwakakumba njira za azungu." Anthu adaseka, ndipo ine ndidamva kutentha kumaso. Bambo adadikira kuti phokoso lithe, kenako adasimba za mkaka uja. Atamaliza padali bata. Mayi wina wachikulire adati, "Kani nawonso amataya?" Bambo adati, "Amataya, mayi. Msewu wawo udatsekeka masiku atatu, dziko lonse lidagwedezeka, nduna zidalankhula pa wailesi. Wathu umatsekeka chaka ndi chaka ndipo tidazolowera. Tisadikire kuti ogula achuluke. Kandalama kamene kalipoka tisakagawe pa zinthu zisanu." Tsiku limenelo alimi adagwirizana kuti pulimiyamu ya zaka ziwiri ipite ku mlatho wokha. Mchenga ndi miyala tidatuta tokha, ndipo lole idawoloka koyamba dzinja la 2020.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kumwera, ndipo m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre matope ndi miyala zidatsika m'mapiri n'kukokolola midzi. Anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Ifenso tidamva chenjezo pa wailesi, monga momwe anthu a ku Scotland adamvera lawo. Koma iwo atauzidwa kuti akhale m'nyumba, adali ndi nyumba zolimba zokhalamo, ndipo chipale chitasungunuka misewu yawo idali pomwepo. Kwathu nyumba zomwezo ndi zimene zidagwa, ndipo madzi ataphwera misewu padalibe. Mlatho wathu udapita usiku umodzi. Patatha masabata angapo, foni itayambanso kugwira, uthenga woyamba wochokera kunja udali wa mlimi wa mkaka uja. Adaona Mulanje pa wailesi yakanema, ndipo funso lake lidali lakuti kodi banja lili moyo, nanga mlatho ulipo.

Tsopano ndikamva kuti wina wapita kunja pa ntchito, sindithamangira kuganiza za masaya ake. Ndimaganiza za amene adamutuma ndi mawu amene wasenza, chifukwa ndidaona bambo anga akubwerera ndi manja opanda pangano n'kukaima pamaso pa anzawo kunena zoona. Ndimaganizanso kuti pakati pa munda ndi kapu ya tiyi imene timamwa m'mawa muno pali anthu ambiri ndi misewu yambiri, ndipo pamene pathyoka, woyamba kulira ndi mlimi, kaya ndi wa ku Mulanje kaya wa ku Scotland.

Alimi a kwathu adayambanso kusonkha za mlatho wina, wokwera kuposa woyamba uja. Padakali pano mvula ikagwa timawolotsa madengu pamutu kukakumana ndi lole kutsidya. Pa tchuthi chikubwerachi dzina langa lili pa gulu lotuta miyala Lachiwiri ndi Lachisanu. Anzanga a kufupi ndi kwathu amene mudzakhale ndi mpata, bwerani ndi wilibala.